Adagwedeza mutu, iwo adati wavomera

Sabata yatha ndidalonjeza kuti lero tikambirana za ndalama za mayeso a Fomu 4, koma mundikhululukire awerengi, nkhani ija idikire kaye. Pali ina imene yakhala ikundisowetsa tulo kuyambira teremu yatha, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiitule pano kuti tisenzerane.

Pasukulu yathu yoyendera, kuno kumene minibasi imafika kamodzi patsiku, ndili ndi mtsikana wina mu Fomu 3 amene sadziwa kujomba. Ngakhale mtsinje udzaze, iye amavula nsapato n'kuwoloka. Choncho atasowa masiku atatu otsatizana ndidadziwiratu kuti kwawo kwagwa zina. Tsiku lachinayi adabwera, koma m'kalasi sadalowe. Ndidamupeza ataima kuseri kwa ofesi ya ahedi, maso ali psuu.

"Sala, achimwene awamanga," adatero. "Akuti avomera kuti adaba batire la sola pagolosale. Koma Sala, achimwene aja samva, salankhula. Avomera bwanji?"

Mchimwene wakeyo ndimamudziwa, ndipo aliyense wokhala ndi njinga kuno amamudziwa. Ndi mnyamata wa zaka 24, amamata matayala ndi kuwongola masipoko pansi pa mtengo wa mango pamsika. Adabadwa akumva, koma adadwala kwambiri ali ndi zaka zinayi, ndipo atachira makutu adatsekeka. Sukulu adalekezera Sitandade 2 kaamba koti panalibe mphunzitsi wotha kulankhula naye. Mawu amene ali nawo ndi a manja, amene iye ndi mlongo wakeyu adapangana okha pakhomo akukula. Mayi awo amamvako pang'ono, koma womumva bwinobwino ndi mlongo wakeyu basi.

Zimene zidachitika n'zakuti batire lidasowa pagolosale ina usiku, ndipo mmawa lidapezeka m'thumba pamalo pamene iye amagwirira ntchito. Achitetezo a m'mudzi adamugwira n'kuyamba kumupanikiza ndi mafunso. Poona kuti sakuyankha, ena amene adangobwera kumsika tsikulo ndipo sankamudziwa adati ndi mwano, n'kumuthira makofi. Kenako adamumanga manja kumbuyo ndi linya n'kupita naye kupolisi. Taganizirani pamenepo, abale anga. Munthu amene pakamwa pake ndi manja, mwamumanga manjawo kumbuyo, kenako mukumuuza kuti afotokoze. N'chimodzimodzi kumutseka munthu pakamwa ndi chisanza n'kumamukalipira kuti bwanji sukuyankha.

Loweruka lake tidakwera kabaza, ine ndi mtsikanayo ndi mayi ake, ulendo wa kupolisi. Wapolisi amene tidamupeza adatilandira bwino, sindinganame. Adatipatsa pokhala, n'kutulutsa pepala. "Aphunzitsi, nkhaniyi ndi yosavuta. Mnyamatayu wavomera yekha, chala chake ndi ichi." Pepalalo lidali m'Chingerezi, pansi pake padali chidindo cha chala. Ndidafunsa kuti, "Bwana, adavomera motani?" Iwo adati, "Tidamuonetsa batire, tidamufunsa ngati akulidziwa, adagwedeza mutu. Tidamufunsa ngati adalitenga, adagwedezanso."

Aliyense amene adakhalapo ndi munthu wosamva akudziwa kugwedeza mutu kumeneku. Mnyamatayu amagwedezera mutu aliyense amene akuyendetsa milomo patsogolo pake. Ndi ulemu wake, ndi njira imene adaphunzira kuyambira ali mwana yoti anthu asamukwiyire. Ngakhale mutamufunsa ngati iye ndi mfumu ya dziko lino, agwedeza. Ifenso aphunzitsi timazidziwa: ukafunsa kalasi kuti "mwamva?" onse amati "eee", koma ukapereka ntchito m'pamene umaona kuti mawu ako adangopita ndi mphepo.

Mlongo wake ataloledwa kulankhula naye pawindo la chitokosi, nkhani idatuluka ina. Madzulo a tsikulo kudabwera bambo wina wachilendo pa njinga yophulika tayala, adasiya thumba kuti adzalitenga mmawa, ndipo mnyamatayu adaliika pansi pa benchi monga amachitira ndi katundu wa makasitomala ake onse. Adalongosola ndi manja kutalika kwa bamboyo, chipewa chake, chipsera cha patsaya, ngakhale mtundu wa njinga yake. Zonsezi adali nazo m'mutu kuyambira tsiku loyamba. Padalibe womufunsa m'njira yoti iye ayankhe.

Ndisanapitirire, tiyeni tione chimene malamulo athu amanena, chifukwa ena amaganiza kuti kumupezera munthu wotere womasulira ndi chifundo chabe. Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene tidayamba kuwatsata mu 1994, mu ndime 20 amaletsa kusala munthu pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo ulumali adautchula mwachindunji. Ndime 41 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wofika kubwalo la milandu kuti nkhani yake iweruzidwe. Ndime 42 ndiyo ya munthu amene wamangidwa: auzidwe chifukwa chimene wamangidwira m'chilankhulo chimene amamva, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo akaonekere kukhothi pasanathe maola 48. Ndime yomweyo imanenanso kuti mlandu uzengedwe m'chilankhulo chimene woimbidwa mlanduyo amamva, ndipo ngati sizingatheke, pakhale womasulira wolipidwa ndi boma. Sidanene kuti chilankhulocho chikhale cha pakamwa chokha.

Kuonjezera apo, mu 2009 dziko lathu lidavomereza pangano la bungwe la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali. Ndime 13 ya panganolo imakamba za chilungamo: kuti anthu aulumali athandizidwe kutenga nawo mbali pa milandu, kaya ngati mboni kaya ngati oimbidwa mlandu, kuyambira pa kafukufuku wa apolisi, ndiponso kuti apolisi ndi ogwira ntchito kundende aphunzitsidwe za zimenezi. Tidakhalanso ndi lamulo la anthu aulumali la 2012, ndipo lidalowedwa m'malo ndi lina latsopano mu 2024. Pamapepala tili bwino ndithu. Vuto ndi mtunda umene ulipo pakati pa pepala la ku Lilongwe ndi windo la chitokosi la kuno kwathu.

Ndipo nkhaniyi si ya anthu owerengeka ayi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 1.5 miliyoni ali ndi ulumali wamtundu wina, kutanthauza kuti pafupifupi mmodzi mwa anthu khumi alionse. M'kalasi langa la ana 70, ndiye kuti si banja limodzi kapena awiri okha amene nkhaniyi ikuwakhudza.

Tibwerere kwa mnyamata uja. Tsiku la kukhothi ndidapempha ahedi kuti ndipite nawo. Amene mudalowako m'khothi la majisitireti mukudziwa mmene zimakhalira: woweruza amalankhula Chingerezi, womasulira amatembenuzira m'Chichewa, munthu amayankha m'Chichewa, womasulira n'kubwezeranso m'Chingerezi. Tonsefe a kumudzi timadalira womasulira ameneyu ndipo palibe amene amadabwa nazo kapena kunena kuti boma likuononga ndalama. Koma mnyamatayu ataima m'kabokosi, womasulira adamuwerengera mlandu m'Chichewa chomveka bwino, ndipo iye adachita chimene amachita nthawi zonse. Adagwedeza mutu.

Apa ndiyamikire amayi amene ankaweruza tsikulo. Adaimitsa zonse n'kufunsa ngati munthuyu akumva zimene zikunenedwa. Mayi ake adaimirira kumbuyo n'kunena kuti mwanayo ndi wosamva. Woweruzayo adakana kulemba kuti wavomera, pakuti lamulo limafuna kuti khothi litsimikize kaye kuti munthu akumvetsa chimene akuvomera ndi zotsatira zake. Adaimitsa mlandu kuti papezeke womasulira chinenero cha manja. Ndimadzifunsabe mpaka lero kuti akadakhala woweruza wotopa, wokhala ndi milandu 30 patebulo tsiku limenelo, ndipo mayi aja akadasowa ndalama ya kabaza, bwenzi zitatha bwanji. Bwenzi mnyamatayu ali kundende pano, atavomera mlandu umene sadaumve n'komwe.

Koma kuimitsa mlandu nako kuli ndi ululu wake. Womasulira adali kutali, kutauni, ndipo panalibe galimoto kapena ndalama yomubweretsera. Mlandu udaimitsidwa kachiwiri, kenako kachitatu. Nkhani ya belo idavuta poyamba chifukwa ankati adzamuuza bwanji malamulo a belo munthu wosamva. Nthawi yonseyi iye adali pa rimandi, pakati pa anthu amene sakanatha kulankhula nawo, osadziwa kuti ali kumeneko chifukwa chiyani komanso adzatuluka liti. Inu ndi ine tikamangidwa timawerenga masiku, timamva anzathu akunena kuti mlandu wako ulowa Lachiwiri. Iye ankangoona chitseko chikutsekulidwa ndi kutsekedwa.

Womasulira atabwera, padabukanso china chimene ambirife sitidachiganizire. Bamboyo adayamba kulankhula ndi manja mwaluso, koma mnyamatayu adangomuyang'ana. Chinenero cha manja cha ku Malawi ndi chilankhulo chenicheni, chili ndi mawu ake ndi malamulo ake, ndipo munthu amachita kuchiphunzira, makamaka kusukulu za ana osamva monga Mua ku Dedza, Maryview ku Chiradzulu kapena Embangweni ku Mzimba, kapenanso pokhala pakati pa anzake osamva. Mnyamata wathuyu sadapiteko kumeneko. Manja ake ndi a pakhomo pawo. Mapeto ake khothi lidalola kuti mlongo wake alumbire n'kumathandizana ndi womasulirayo. Mwana wa Fomu 3 adasenza mlandu wa mchimwene wake, akunjenjemera, podziwa kuti akalakwitsa liwu limodzi akhoza kumumangitsa.

Zimenezi zidathandiza pa tsikulo, koma si njira yoti tizinyadira. Wachibale ali ndi mbali. Akhoza kukometsa mawu kuti apulumutse m'bale wake, ndipo woimira boma ali ndi chifukwa chomukayikira. Choopsa kwambiri n'chakuti pa milandu ina, makamaka yogwiririra, wolakwayo amakhala wa m'banja momwemo. Mukaitana amalume kuti amasulire zimene mwana wosamva akunena, pamene amalumewo ndiwo adachita zoipazo kapena akuteteza amene adachita, mwapereka mbuzi kwa fisi kuti aisunge.

Mlandu wa mnyamatayu udatha mosayembekezereka. Mwini golosale, atamva za bambo wa chipsera patsaya, adakumbukira kuti munthu wotero adacheza pagolosale pake madzulo a tsikulo akufunsa mitengo ya katundu. Adauza khothi kuti sakufunanso kupitiriza, ndipo mnyamatayo adamasulidwa atakhala m'kati sabata zisanu ndi ziwiri. Atabwerera pamsika adapeza pampu, masipanala ndi guluu wake zonse zidasowa. Mlongo wake adataya pafupifupi theka la teremu. Mayi awo adagulitsa matumba awiri a chimanga kuti apeze ndalama zoyendera. Bambo wa chipsera uja mpaka lero sakudziwika kumene ali, chifukwa pamene apolisi akadamusaka, fayilo idali itanena kale kuti wakuba wapezeka ndipo wavomera. Apa muone kuti kusamumva munthu waulumali kudapwetekanso mwini golosale ndi mudzi wonse, pakuti mbala yeniyeni ikuyendabe.

Imeneyo ndi mbali ya woimbidwa mlandu. Mbali ya wolakwiridwa ndiyo imandiwawa koposa. M'midzi mwathumu muli atsikana ndi amayi amene ali ndi ulumali wa mu ubongo, ena osamva, ena osaona. Anthu oipa mtima amawasankha dala pogwiririra, chifukwa amadziwa kuti sanganene, ndipo akanena palibe awakhulupirire. Nthawi zambiri zimadziwika mimba ikaonekera. Zikatero akuluakulu amakhala pansi, wina n'kunena kuti, "Kukhothi akanena chiyani ameneyu? Tingokambirana pachiweniweni." Mbuzi imodzi kapena ndalama zochepa zimasintha manja, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo wolakwayo amabwerera kukakhala nyumba yoyandikana ndi mtsikana yemweyo.

Amfumu anga, ndimakulemekezani, koma mlandu wogwiririra si wa pabwalo lanu. Ndi wa kupolisi ndi kukhothi, ndipo mbuzi siufafaniza. Makolo dziwaninso kuti munthu akagwiriridwa ayenera kufika kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachilombo ka HIV, komanso kuti achipatala alembe zimene apeza. Kwa mwana amene sangathe kufotokoza bwino ndi pakamwa, lipoti la kuchipatala ndi mboni yaikulu. Masiku amene timataya tikukambirana pansi pa mtengo, umboni umenewu umafufutika. Kupolisi kuli nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo m'zipatala zina zikuluzikulu muli malo amene wodandaula amapeza wachipatala, wapolisi ndi wa zachisamaliro cha anthu pamodzi. Tiyeni tizipita nawo kumeneko.

Nanga akafika kukhothi, n'zoona kuti sanganene kanthu? Ine monga mphunzitsi ndikukana. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kufunsa mafunso, ndipo ndidaphunzira kuti yankho limatengera kafunsidwe. Mwana wochedwa kugwira zinthu ukamufunsa funso lalitali la michira itatu, amangoti "eya" kuti umusiye. Ukamufunsa funso lomwelo kachiwiri ndi mawu okalipa, amasintha yankho poganiza kuti loyamba lija adalakwitsa. Ukamufunsa kuti zidachitika pa deti yanji, sadziwa. Koma mufunseni pang'onopang'ono, funso limodzi nthawi imodzi, kuti kodi kudali kowala kapena kwa mdima, chimanga chidali m'munda kapena m'nkhokwe, akuonetse pa chidole pamene adamugwira, mudzadabwa ndi zimene akukumbukira. M'khothi loya amafunsa mafunso okola dala, ndiyo ntchito yake. Koma mboni yotere ikasokonezeka, timafulumira kunena kuti ndi yabodza, pamene chasokoneza ndi funso lathu.

Chimodzimodzi munthu wosaona. Funso loyamba limene amakumana nalo ndi lakuti, "Udamuona?" Akati ayi, anthu amaseka, nkhani yatha. Koma munthu amene wakhala zaka 20 m'mudzi umodzi akuzindikira aliyense ndi mawu, kayendedwe ndi fungo la fodya wake, angalephere kudziwa mawu a amene adamugwira pakhosi? Ifenso oonafe usiku wopanda mwezi timadziwa amene akuodira pakhomo tisanatsekule chitseko. Makolo athu adati wamisala adaona nkhondo. Ankadziwa kuti munthu amene mudzi umamupeputsa akhoza kukhala yekhayo amene waona zoona.

Kupeputsa kumeneku kudalowa ngakhale m'mabuku a malamulo. Kwa zaka zambiri ndime 139 ya lamulo la milandu ya upandu, imene cholinga chake chidali kuteteza amayi ndi atsikana a ulumali wa mu ubongo, inkawatchula ndi mawu Achingerezi achipongwe amene tanthauzo lake ndi chitsiru kapena chidzete. Tidawatengera kwa atsamunda. Tangoganizani mtsikana wabwera kudzadandaula, ndipo pepala la mlandu limene likuwerengedwa pamaso pa anthu likumutcha dzina lotero. Mawu amaumba maganizo. Wapolisi kapena woweruza amene waphunzira kuti munthuyu ndi chidzete, amvetsera bwanji umboni wake mwaulemu?

Pali zinanso zooneka zazing'ono zimene zimatsekereza anthu. Makhothi ndi maofesi a polisi ambiri adamangidwa kale, ali ndi masitepe, ndipo munthu wa pa njinga ya aulumali amachita kunyamulidwa ngati thumba anthu akuonerera. Zimbudzi zake sangalowemo. Kuchokera kuno kukafika kukhothi ndi ulendo wa maola, ndipo wa kabaza amalipiritsa kawiri, munthu payekha njinga yake payokha. Mlandu ukaimitsidwa katatu, mboni yotere imagwa ulesi, ndipo fayilo imatsekedwa kuti wodandaula sakubwera. Wosaona amapatsidwa pepala la samani kapena la belo la zilembo wamba, osati za Braille, n'kumadalira wina kuti amuwerengere moona. M'chitokosi munthu woyendera ndodo amalandidwa ndodozo poopa kuti ndi chida, ndiye amakwawa pansi ponyowa. Wodwala khunyu akamangidwa mankhwala ake amatsala kunyumba, ndipo akagwa usiku anzake amamuthawa poganiza kuti n'zopatsirana, chonsecho khunyu sapatsirana.

Za odwala matenda a maganizo ndiye zimafuna tsamba lakelake. Khothi likakayika ngati munthu ali bwino m'mutu moti n'kuyankha mlandu, limalamula kuti akapimidwe, ndipo nthawi zambiri kumakhala kuchipatala cha boma cha matendawa ku Zomba. Lamulolo ndi labwino. Koma pakati pa tsiku la chigamulocho ndi tsiku lopezeka galimoto, mafuta ndi womuperekeza, munthu amakhala akudikira kundende, kumene matenda ake amangokulirakulira. Wina amene mlandu wake ukadathera pa chindapusa akhoza kukhala m'kati nthawi yaitali kuposa chilango chimene akadalandira akadapezeka wolakwa.

Sindikunena kuti boma silingathe. Tonse tikukumbuka mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene adaphedwa mu 2018. Mu 2022 khothi lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfa yake, ndipo pakati pawo padali wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito zachipatala. Chigamulo chimenechi chidaonetsa kuti dziko likafuna, ngakhale anthu a maudindo amayankha. Koma chidatenga zaka zinayi, pa mlandu umene dziko lonse ndi maiko akunja ankauyang'anitsitsa, ndipo bungwe la anthu achialubino la APAM silidaleke kufuula. Nanga mlandu wa mtsikana wosamva wa m'mudzi wopanda netiweki, amene wailesi sidzamutchula, udzatenga zaka zingati?

Ena mwa inu mukuti, "Aphunzitsi, dziko lathu ndi losauka. M'zipatala mulibe mankhwala, inu mukufuna womasulira manja papolisi iliyonse?" Funsoli ndi lomveka. Enanso mukuti anthu aulumali nawo amalakwa. N'zoona, ndipo wolakwa alangidwe, ulumali si chikopa chobisalirako. Chimene ndikupempha n'chakuti alangidwe atamva mlandu wake n'kuyankhapo, monga mmene inu mungafunire utakhala mlandu wanu. Za ndalamazo, tiwerengere bwino. Kusunga mnyamata uja kundende sabata zisanu ndi ziwiri, kumudyetsa, kumunyamula kupita naye kukhothi kanayi, nthawi ya woweruza ndi ya apolisi, zonsezo ndi ndalama za boma. Kodi sizidapose zimene zikadalowa pobweretsa womasulira tsiku loyamba?

Zambiri zofunika sizilira chuma. Papolisi iliyonse patakhomedwa pepala la manambala a foni a omasulira, mothandizana ndi bungwe la anthu osamva la MANAD, wapolisi akhoza kuimba foni ya kanema pa WhatsApp kumene netiweki ilipo, munthu n'kuuzidwa chimene wamangidwira tsiku lomwelo. M'maboma mwathu muli aphunzitsi amene adaphunzira za ana a zosowa zapadera ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Atalembedwa m'kaundula wa khothi n'kuphunzitsidwa pang'ono za kayendedwe ka milandu, akhoza kuthandiza pofunsa mboni za ulumali wa mu ubongo, kusiyana n'kudalira wachibale. Anthu osamva amene adapita kusukulu nawonso ndi aluso pomvetsa manja a pakhomo a anzawo amene sadaphunzire, ndipo akhoza kugwira ntchito limodzi ndi womasulira. Kusukulu zophunzitsa apolisi ku Kanjedza ndi ku Mtakataka, ophunzira atamauzidwa zinthu zitatu zokha, kuti kugwedeza mutu si kuvomera, kuti wosamva ngati n'kofunika kumumanga amangidwe manja kutsogolo, ndiponso kuti womangidwa aliyense afunsidwe ngati amamwa mankhwala, anthu ambiri akadapulumuka. Woweruza naye akhoza kutsika kukazengera mlandu m'chipinda chapansi ngati mboni singakwere masitepe. Makhothi athu amapita kale kukazenga milandu kundende, ndiye kusuntha tebulo si chinthu chachilendo.

Kwa inu makolo ndi achibale, m'bale wanu waulumali akamangidwa musangokhala kunyumba n'kumalira. Pitani tsiku lomwelo mukauze apolisi za ulumali wake ndipo mupemphe kuti zilembedwe m'fayilo. Nyamulani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala ake. Nenani mwaulemu kuti asadinde chala papepala lililonse popanda womumasulira. Tsiku la kukhothi khalanipo, ndipo mukaona kuti sakumva, imikani mkono monga adachitira mayi aja. Funsani za ofesi ya Legal Aid Bureau, imene boma lidakhazikitsa kuti ithandize anthu osatha kulipira loya, komanso za alangizi a zamalamulo amene amayendera ndende ndi zitokosi. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya paboma ndi mabungwe a pansi pa FEDOMA nawonso ndi makomo oti mugogodepo.

Ife aphunzitsi tisadzichotsemo. Mlandu wa mnyamata uja udayamba kale kwambiri batire lisanabedwe. Udayamba tsiku limene adatuluka mu Sitandade 2 ndipo palibe adamulondola. Akadapita kusukulu ya ana osamva, bwenzi akutha kulemba dzina la munthu, kuwerenga pepala asanadinde chala, ndi kulankhula ndi womasulira wa boma popanda kudutsira mwa mlongo wake. Mwana wosamva aliyense amene tikumusunga pakhomo lero kuti azidyetsa mbuzi, tikumukonzera tsiku limene adzaime pamaso pa woweruza alibe chilankhulo. Ine ndemwe ndadutsa pa benchi ya mnyamatayu zaka zisanu, akundimatira matayala, ndipo sindidavutikepo kuphunzira ngakhale mmene amanenera kuti zikomo. Manyazi amenewo ndili nawo.

Akuluakulu adati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Mnyamatayu adabadwa akumva ngati inu ndi ine. Ngozi ya minibasi imodzi, matenda a shuga, sitiroko kapena ukalamba chabe zikhoza kutiika tonsefe pamzere womwewo, ndipo tsiku limenelo tidzafuna wapolisi wodekha ndi khothi lopanda masitepe.

Panopa wayambiranso ntchito. Aphunzitsi anzanga tidasonkherana n'kumugulira pampu ndi masipanala ochepa. Anthu ena amamulozabe chala kuti ndi uja adaba batire, pakuti khothi silidanene poyera kuti ndi wosalakwa, mlandu udangochotsedwa. Katundu wa makasitomala adasiya kusunga. Munthu akafuna kusiya thumba, amakana ndi manja onse awiri. Mlongo wake wabwerera m'kalasi ndipo akulimbikira kuti apeze anzake. Lachisanu lililonse tikaweruka amatiphunzitsa manja a kwawo, ine ndi ana a kalabu yathu ya zaufulu, ndipo tikufunafuna munthu wodziwa chinenero cha manja chenicheni kuti adzatiphunzitse pamodzi ndi mchimwene wakeyo. Ngati alipo pakati pa inu awerengi amene angatithandize, kapena amene mudakumana ndi zotere kupolisi kapena kukhothi, lemberani kudzera kwa mkonzi wa tsamba lino.

Za ndalama za mayeso zija tikambirana sabata yamawa, Mulungu akalola.